Fulashi za makasitomala zikundiphera kompyuta, kodi ndisamukire ku Linux?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa, kupulinta ndi fotokope pa Nkhamenya. Dzina ndasunga. Akuti kompyuta yawo ndi Dell ya kaunjika yokhala ndi Windows 7, ndipo chaka chino chokha aifufutitsa katatu chifukwa cha vairasi yobwera ndi fulashi za makasitomala. Mnyamata amene amawakonzera wawauza kuti aike Linux m'malo mwa Windows, ndi Firefox yotsegulira intaneti, ati n'zaulere ndipo sizigwidwa vairasi. Funso lawo n'lakuti, kodi zimenezi n'zoona? Nanga chinthu chaulere chingapose bwanji chogula pa nkhani ya chitetezo?

Mayi, zikomo polemba. Samukani ndithu, koma musafufute kalikonse pulinta yanu isanavomereze. Za pulintayo ndibwerako.

Mnyamata wanuyo wanena zoona, kungoti wathira mchere wambiri. Vuto lalikulu la kompyuta yanu si dzina lakuti Windows, koma kuti Windows yakeyo inasiyidwa ndi eni ake. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi mabowo, ndipo mabowowo akapezeka, opanga amatumiza zigamba, zija timati ma update. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Chibowo chilichonse chimene akuba atulukira chichokereni tsiku limenelo chikadali pululu. Chrome nayo inaimira pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023, moti ngati mukutsegulira imelo za makasitomala pa Chrome ya pa Windows 7, mukugwiritsa ntchito browser, pulogalamu yotsegulira intaneti, imene yatha zaka osasokedwa. Musaganize kuti kukwera ku Windows 10 kukupulumutsani, nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yaposachedwa, zimene makompyuta ambiri a kaunjika alibe.

Kuti muone kulemera kwa chigamba, kumbukirani za WannaCry. Mu Meyi 2017 vairasi imeneyi inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko ambiri, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Chonsecho chigamba chotseka bowo lake chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anapwetekeka ndi amene sanachiike.

Phindu lenileni la Linux kwa inu lili pamenepa. Kompyuta yomwe yaoneka yokalamba kwa Windows 11, Linux imailandira n'kuyambanso kuitumizira zigamba. Linux Mint 22, imene ndi mtundu umodzi wa Linux, mwachitsanzo, idzalandira zigamba mpaka 2029, ndipo imayenda pa kompyuta ya RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiye imapuma bwino.

Tsopano za ulere zija. Ulere wake si wa mtengo wokha. Malangizo amene pulogalamuyo inalembedwera ali poyera, aliyense wodziwa atha kuwawerenga, kupeza cholakwika ndi kukonza. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero makampani akuluakulu amalipira anthu awo kuti aziisamalira chifukwa makompyuta ambiri osunga intaneti amayendera yomweyo. Ngakhale foni yanu ya Android pansi pake pali Linux. Mint imene ndikukuuzaniyi inamangidwa pa Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Akuluakulu amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo mfundo ya mapulogalamu apoyera ndi yomweyo.

Koma maso ambiri nawo amagona. Mu Malichi 2024 kunapezeka kuti munthu wina anakhala zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza nawo pa kapulogalamu kotchedwa XZ Utils, anthu n'kumukhulupirira, kenaka anabisamo khomo lolowera kuseri. Anachitulukira ndi Andres Freund, injiniya amene anangodabwa kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi, n'kuyamba kufukula. Chinagwidwa chisanafalikire kwa anthu ambiri. Ena amatenga nkhaniyi ngati umboni wakuti zapoyera n'zoopsa. Ine ndimaiona mwina: akanakhala kuti sangathe kuwerenga malangizowo, bambo ameneyu akanangodandaula za kuchedwako n'kusiya.

Tibwere ku fulashi, poti ndi pamene pakukupwetekani. Vairasi imene ikukuvutitsaniyo ndikuidziwa bwino, ndi ija ya ma shortcut. Mphunzitsi amabwera ndi fulashi muli mayeso a teremu, mukailowetsa mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Mukadina kamodzi, vairasi yalowa mu kompyuta, ndipo fulashi iliyonse yobwera pambuyo pake ituluka itatenga matenda. Mafayilo a mphunzitsiyo sikuti afufutika ayi, vairasi imangowabisa n'kuika ma shortcut m'malo mwake. Chinyengo chonsechi chinalembedwera Windows. Pa Linux shortcut ija ndi kafayilo kakufa, mutha kukadina mpaka chala chitatopa. Ndipo chosangalatsa n'chakuti mafayilo obisika aja amaonekera, nthawi zina ali mu foda yopanda dzina. Ndinaonapo bambo wina kuno ku boma atatuluka thukuta ndi fulashi yake, akuti malipoti a kalabu yawo ya fodya apita. Titailowetsa pa laputopu yanga, zonse zinali phee mu foda yopanda dzinayo. Tinakopera, tinafufuta zinyalalazo, bamboyo n'kufuna kundigulira fanta.

Apa ndiye pali bizinesi ina, mayi, yotsuka fulashi za anthu. Kungoti dziwani kuti Linux siichiza fulashi payokha. Vairasi ikhalabe momwemo ngati simuichotsa, ndipo kasitomala akakailowetsa pa Windows ya kusukulu kwake idzukanso.

Za pulinta tsopano. Shopu yanu imadya ndi pulinta, osati ndi Linux. Ma HP ambiri, Linux imangowazindikira mukangolumikiza chingwe. Ma Canon ena akale, monga LBP2900 imene yadzaza m'mashopu athu, amafuna driver yapadera, pulogalamu yogwirizanitsa pulinta ndi kompyuta, ndi munthu woleza mtima kuti aiike. Simunandiuze kuti yanu ndi yanji, choncho yesani kaye. Ubwino wake Linux Mint imatha kuyenda kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha mu kompyuta. Muuzeni mnyamatayo atenge fayilo yake pa webusaiti ya Linux Mint yeniyeniyo, osati kwa mnzake wa mnzake, aiike pa fulashi ndi kapulogalamu ka Rufus kapena balenaEtcher. Fayiloyo ndi pafupifupi 3GB, choncho konzekerani bandulo. Ayatse kompyuta kudzera pa fulashiyo, ndipo inu mukhale pomwepo. Pulintani tsamba limodzi. Ngati muli ndi sikana, sikanani chitupa. Tsegulani makalata asanu amene makasitomala anabweretsa mwezi uno. Pa Dell yokalamba sankhani mtundu wa Mint wotchedwa Xfce, ndi wopepuka.

Makalatawo adzatseguka ndi LibreOffice, imene imabwera kale mu Mint m'malo mwa Word ndi Excel. Kalata yofunsira ntchito, CV wamba, ndandanda ya mayina a mpingo, zonsezi zimayenda bwino. Zimene zimasokonekera ndi zija zodzaza mabokosi ndi zokongoletsa, mzere umatha kudumphira tsamba lina chifukwa zilembo za Calibri mulibemo. Muike zilembo zotchedwa Carlito, zimene zinapangidwa kuti zizilingana kukula ndi Calibri, vutolo lichepa. Ndipo zizolowereni kupatsa kasitomala PDF, imene simasintha kulikonse kumene yapita. Koma ngati ndalama zanu zambiri zimachokera ku makadi a ukwati ndi a chinkhoswe amene mumapanga ndi CorelDRAW kapena Publisher, imani kaye. Mapulogalamu awiriwa sayenda pa Linux. Kuli Inkscape, yabwino ndithu, koma kuiphunzira mu Okutobala maukwati ali mpwechepweche n'kudziputira mavuto. Zikatero ndi bwino kusunga Windows pambali yopangira makadi okha, yosalumikizidwa ku intaneti komanso yosalowetsedwa fulashi ya munthu aliyense.

Tsiku loika lenilenilo, koperani kaye mafayilo anu onse kwina. Ndikunena izi ndi manyazi. Ulendo wanga woyamba ndinadina mofulumira pamene inafunsa ngati ifufute disiki yonse, ndipo zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zinapita pomwepo. Mpaka lero akaikumbuka nkhaniyi amandiyang'ana cham'mbali. Onetsetsaninso kuti magetsi alipo okhazikika, poti akathima pakati pa ntchitoyi muyambiranso.

Firefox imabwera kale mu Mint. Ndi ya bungwe la Mozilla, inatuluka mu 2004, ndipo nayo ndi yapoyera. Muikemo kowonjezera kotchedwa uBlock Origin. Kamatseka zotsatsa malonda, kuphatikizapo mabatani abodza aja olembedwa Download amene amakokera anthu ku zoipa, komanso kamapulumutsa bandulo chifukwa zotsatsazo sizitsitsidwa. Chrome inasintha malamulo ake moti uBlock Origin yathunthu siyendanso kumeneko, pamene pa Firefox ikugwirabe. Chinanso, anthu amalowa mu imelo zawo pa kompyuta yanu kuti apulinte makalata. Atsegulireni nthawi zonse zenera la Private mu Firefox, limene limaiwala zonse likatsekedwa, ndipo akamaliza mutseke. Mukapanda kutero pasiwedi ya mwana wasukulu imatsala momwemo, wobwera pambuyo n'kuwerenga zonse. Pangani akaunti iwiri pa kompyutapo, yanu yokhala ndi mphamvu yoika mapulogalamu, ndi ina ya ntchito za tsiku ndi tsiku. Pasiwedi yanuyo isalembedwe pa kapepala komata pa sikirini, monga ndimaonera m'mashopu ambiri.

Pomwe mnyamata wanu walakwitsa ndi kunena kuti Linux siigwidwa. Mavairasi ake alipo, kungoti ndi ochepa pa makompyuta a m'nyumba ndi m'mashopu, ndipo mapulogalamu mumatenga mu Software Manager m'malo motola paliponse pa intaneti. Komanso pakona ya pansi pa sikirini padzakhala kachishango kokuuzani kuti zigamba zafika. Mukamakanyalanyaza poopa bandulo, pakatha chaka mudzakhala mwabwerera pomwe muli leropa. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Lolemba m'mawa makasitomala asanachuluke, muziika.

Ndipo pali akuba amene Linux siingawaone n'komwe. Uja woimba foni kuti watumiza ndalama molakwika pa Airtel Money kapena Mpamba ndiye mumubwezere, uja wodzitcha wa ku ofesi wofuna PIN yanu, uja wotumiza linki pa WhatsApp yakuti mwapambana mphoto mulembe pasiwedi ya Facebook. Amenewa sathyola kompyuta, amalankhula ndi inu. Tsamba labodza limatseguka bwinobwino pa Firefox ngati mmene limatsegukira pa Chrome, choncho muziwerenga adiresi ya pamwamba musanalembe pasiwedi.

Ndilembereninso mundiuze dzina ndi nambala ya pulinta yanu, komanso RAM ya Dell yanuyo. Ngati bandulo ya 3GB ikulemerani, ndili nayo kale Mint pa fulashi. Mukabwera ku boma kudzagula mapepala ndi inki, tengani fulashi yopanda kanthu ya 8GB ndidzakukopereni.