Granite sang'aluka yekha, onani zimene zili pansi pake

Achimwene, mwafunsa ngati granite ndi woyenera pamwamba pa makabati a kukhitchini ndi pa masitepe a pakhonde, kuti mugule wokhuthala bwanji, komanso chifukwa chake wa anzanu aja unang'aluka pafupi ndi sinki chaka chisanathe. Ndiyambira pa mng'aluwo, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Mwala umenewu unapangika pamene chiphalaphala chotentha chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Timadontho timene mumationa mukauyang'anitsitsa ndi quartz, feldspar ndi mica, zolumikizana kwambiri moti madzi amalowamo ochepa zedi. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, quartz ali pa 7 pomwe chitsulo cha mpeni chili cha m'ma 5.5, nchifukwa chake mpeni umabuntha koma mwala osakandika. Mwalawu ukakhala pamalo ofanana, ungasenze katundu wolemera bwanji osaphwanyika. Kufooka kwake nkumodzi: supindika. Pansi pakakhala mphako, kapena kabati imodzi ikatsikirapo pang'ono, umathyoka pamene pali popyapyala, ndipo pa khitchini malo amenewo ndi kachigawo kakang'ono kotsala kutsogolo ndi kumbuyo kwa sinki.

Ndiye mwala usanafike, mmisiri aike levulo pa makabati onse, m'litali ndi m'lifupi. Kusiyana kusapitirire mamilimita 3 pa mamita atatu alionse. Pamene patsika aikepo timatabwa tolimba kapena tipulasitiki tokwezera, osati kungodzazapo silicone, chifukwa silicone amagonja akalemedwa. Pa bowo la sinki ndi la chitofu pasiyidwe masentimita osachepera 8 mpaka 10 kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo makona a bowolo akhale ozungulira. Kona yosongoka ndi pamene mng'alu umayambira. Amisiri ena amakumba kamzere kunsi kwa mwala nkuikamo chitsulo kuti ulimbe. Njirayi ndi yabwino, koma chitsulocho chikhale cha stainless kapena ikhale ndodo ya fibreglass. Chitsulo wamba chikakumana ndi madzi a pa sinki chimachita dzimbiri, chimatupa, nkung'amba mwalawo kuchokera mkati. Mukaona mng'alu wowongoka wotsatira m'mphepete mwa sinki, wokhala ndi kamtundu kofiirira, dziwani kuti vuto ndi limenelo. Sinki yomangidwa kunsi kwa mwala ikhale ndi zogwirira zake kapena mitanda yoisenza, isangodalira guluu.

Za kukhuthala: wa mamilimita 20 amalemera pafupifupi makilogalamu 54 pa sikweya mita, wa 30 pafupifupi 80. Wa 20 amakwanira pa khitchini ngati pansi pake mwayala thabwa la plywood lonse. Wa 30 akhoza kukhala pa makabati mwachindunji. Ngati mukufuna mbali yotuluka kunja yoti anthu azikhalirapo pa mipando, wa 20 asatuluke kupitirira masentimita 15 popanda chomugwira, wa 30 asapitirire 25. Kupyola pamenepo, ikani zitsulo zochirikiza kunsi. Ponyamula, mwala uime chilili, osaugoneka. Miyala yambiri imang'aluka m'galimoto kapena pakhomo polowa, mng'alu nkudzaonekera patapita miyezi.

Pogula khalani tcheru, si chilichonse chotchedwa granite chimene chili granite. Wakuda bii amene ambiri amamukonda nthawi zambiri amakhala gabbro kapena dolerite. Zimenezo sizodandaulitsa, ndi miyala yolimba ndipo simwa madzi. Choopsa ndi mwala wotuwa wopakidwa utoto kuti uoneke wakuda. Nyowetsani kansalu koyera ndi acetone, mankhwala osungunula utoto, mupukute pakona. Kakada, usiyeni. Pemphaninso kachidutswa muyesere kunyumba. Dontheserani madzi a mandimu, mudikire mphindi 10. Pakatsala kachigamba kozimirira, mwalawo uli ndi calcite, ndiye kuti ndi marble kapena wofanana naye, ndipo pa khitchini adzakuvutitsani. Kenako thirani madzi pang'ono pambali ina. Pakada msanga, mwalawo umamwa, ufunika sealer, mankhwala opaka pamwamba kuti usamwe madzi. Madzi akangokhala pamwamba kwa mphindi 15 osasintha mtundu, sealer ndi kutaya ndalama, ndipo pa mwala wakuda amangosiya chifunga pamwamba. Mitundu yoyera ndi yotuwa ndi imene imamwa kwambiri. Sankhani ndi maso anu silabu, kapena kuti chibenthu chenicheni cha mwala chimene mugule, chifukwa miyala iwiri ya dzina limodzi imasiyana mtundu.

Ku masitepe tsopano. Apa ndikupemphani, musaike wonyezimira panja. Mvula ikangowaza amaterera ngati sopo, ndipo munthu wokalamba kapena mwana akagwa pa kona ya granite, kuvulala kwake si kwamasewera. Funsani wowauka ndi moto, amene ogulitsa amati flamed, kapena wogogodedwa uja wa bush hammered. Wowaukayo akhale wa mamilimita 30, chifukwa moto umadya pamwamba nkumufooketsa akakhala wopyapyala. Ngati mwagula kale wosalala, mmisiri adule timizere tiwiri kapena titatu pafupi ndi mlomo wa sitepe iliyonse. Sitepe ipendekere kunja pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita, kuti madzi asaime. Mlomo wake utuluke masentimita awiri kapena atatu, ndipo kunsi kwake adulepo kamzere koti madzi azidonthera pamenepo m'malo motsetsereka pakhoma nkulidetsa.

Konkire ya pansi iume kaye masiku 28. Mukafulumira, konkire imafota ikamauma nkukoka mwala, komanso chinyezi chimakwera ndi mchere, nkutulukira m'mizere ngati ufa woyera. Gwiritsani ntchito guluu wa matailosi wopangidwira miyala yachilengedwe, ndipo pa mwala woyera guluuyo akhale woyera, chifukwa simenti yotuwa imaonekera ngati mithunzi. Kalakwidwe kofala ndi koika timilu tisanu ta guluu, tinayi m'makona kamodzi pakati, nkusindikiza. Pakati pa timiluto pamatsala mphako, madzi amasonkhanamo, ndipo tsiku lina kona imathyoka. Guluu apakidwe pansi ponse ndi chopakira cha mano, apakidwenso kumsana kwa mwala. Tsiku lotsatira gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pamene pakulira ngati ng'oma, pazulidwe nthawi yomweyo. Mwala wokhala ndi ukonde womatidwa kumsana sugwirana bwino ndi guluu wa simenti, umafuna guluu wa epoxy.

Musagundanitse miyala popanda mpata. Siyani mamilimita awiri kapena atatu, ndipo panja pomwe dzuwa limawomba siyani mzere wa silicone pa mamita atatu alionse ndi pamene mwala wakumana ndi khoma. Mwala ukatentha umafutukuka, ukasowa kolowera umatukuka kapena kubenthuka m'mphepete.

Odula adule ndi madzi. Fumbi la granite lili ndi silica, amene amakhazikika m'mapapo nkuyambitsa silicosis, matenda osachiritsika. Kansalu kumphuno sikateteza. Ngati pali pofunika kukonza ndi grinder pamalopo, achitire panja, madzi akuthiridwa, atavala chotchinga mphuno chenicheni chosefa fumbi.

Kusamala kwake nkosavuta: madzi, sopo wotsukira mbale pang'ono, nkupukuta. Viniga ndi bulitchi wa tsiku ndi tsiku zimatha sealer ndi zomatira m'mizere. Mankhwala ochotsa dzimbiri okhala ndi hydrofluoric acid ndiye musawayandikize nkomwe, amadya quartz yemwe ndipo kunyezimira sikubwerera popanda makina. Mafuta akalowa nkusiya banga lakuda, sakanizani soda wophikira ndi acetone zikhale ngati phala lolimba, pakani mokhuthala theka la sentimita, phimbani ndi pulasitiki maola 24, kenako vundukulani ziume zokha musanakokole. Banga lakale limafuna kubwereza kawiri kapena katatu, ndipo likachoka mudikire pamalopo paume bwinobwino musanapakenso sealer.