Kodi makina a CT anawayambitsa ndani, nanga amathandiza bwanji pa khansa?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Salima. Amalume anga a ku Chipoka ali ndi chotupa kummero, ndipo atatumizidwa ku Lilongwe, madokotala anati ayambe ajambulidwa ndi makina a CT asanalandire chithandizo. Abale ena akuti kujambulako n'kungotaya nthawi. Kodi makinawa anawayambitsa ndani, nanga amathandiza bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, pepani ndi matenda a amalume anu. Nkhawa ya abale ndi yomveka, koma mbiri ya makinawa payokha ikusonyeza kuti kujambula ndi gawo la chithandizo, chifukwa mmodzi mwa anthu amene anapeza masamu ake anayamba ntchitoyi pofuna kuti odwala khansa azichizidwa molondola.

Munthuyo ndi a Allan Cormack, omwe anabadwira ku Johannesburg mu 1924. Anaphunzira fizikisi pa Yunivesite ya Cape Town, anakapitiriza ku Cambridge, ndipo mu 1950 anabwerera ku Cape Town kukaphunzitsa. Mu 1955 katswiri wa fizikisi wa pa chipatala cha Groote Schuur mumzindawo anasiya ntchito, pomwe lamulo linkafuna kuti pakhale munthu wotero woyang'anira zipangizo zotulutsa cheza champhamvu, choncho a Cormack anapemphedwa kumapitako tsiku limodzi ndi theka pa sabata.

Zimene anaona kumeneko zinawavutitsa mtima. Pokonzekera kuwotcha khansa ndi cheza, ogwira ntchito ankawerengera mlingo wake ngati kuti thupi lonse ndi lofanana mkati, chonsecho fupa, mnofu ndi mapapo zimatchinga cheza mosiyana kwambiri. Mlingo ukalakwika, chotupa chimalandira cheza chochepa kapena mnofu wabwinobwino umapsa. X-ray wamba sakanathetsa vutoli, popeza amaunjika ziwalo zonse pa chithunzi chimodzi, zakutsogolo n'kuphimba zakumbuyo. A Cormack anadzifunsa ngati munthu angathe kuwalitsa cheza kuchokera mbali zambiri, kuyeza chimene chatulukira kuseri, kenako n'kuwerengera chimene chili pamalo aliwonse mkatimo. Anayesa masamu awo pa chinthu chobulungira chopangidwa ndi aluminiyamu ndi thabwa, ndipo zotsatira zake zinagwirizana ndi zimene anawerengera.

Mu 1957 anayamba kuphunzitsa pa Yunivesite ya Tufts ku America, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1963 ndi 1964. Chomvetsa chisoni n'chakuti pafupifupi palibe amene analabadira. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ophunzira anu angatolepo kanthu, chifukwa ntchito yaikulu ya a Cormack inali kafukufuku wa tizigawo ta atomu, ndipo za masamu a kujambulazi ankazichita pambali, popanda chiyembekezo cha kutchuka.

Makina enieni anapangidwa ndi a Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku England, amene sankadziwa n'komwe za zolemba za a Cormack. Wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, ndipo anali mayi yemwe ankamuganizira kuti ali ndi chotupa muubongo. Mu 1979 awiriwa analandira limodzi Mphoto ya Nobel ya zamankhwala, ngakhale kuti panalibe dokotala pakati pawo. A Cormack anamwalira mu 1998 ndi matenda a khansa.

Kwa amalume anu, makinawa adzazungulira thupi n'kutulutsa zithunzi zambiri, ngati mmene mayi amadulira chinangwa m'zidutswa zopyapyala kuti aone mkati, koma popanda mpeni kukhudza khungu. Zithunzizo zimaonetsa kukula kwa chotupa, ziwalo zimene chayandikana nazo, ndiponso ngati matenda afika kumapapo kapena kuchiwindi. Apa m'pamene dokotala amasankhira pakati pa opaleshoni, mankhwala a khansa, kuwotcha ndi cheza, kapena kuphatikiza njirazi.

Muwafotokozere abale momveka kuti makinawa pawokha sachiza, ndiponso kuti chimene chimatsimikizira ngati chotupa ndi khansa ndi kachidutswa ka mnofu kamene amakayeza ku labotale. Kujambula sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zowerengeka. Nthawi zina amabaya mankhwala mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino, choncho amalume anene ngati ali ndi vuto la impso kapena ngati mankhwala ena anawawenga. Asaphonye tsiku limene apatsidwa, anyamule buku lawo la kuchipatala, ndipo ngati kumeza chakudya kapena madzi kwayamba kuvuta kwambiri, apite msanga kuchipatala osadikira tsikulo.