Za Loweruka zija, achimwene

Eee, achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupu, lakuti mubwere ndi ana Loweruka kudzandiona poti nonse muli bwinobwino, palibe amene akutsokomola. Ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba maso sakundilola madzulo ano.

Kulowa m'nyumba ayi. Aaa dikirani, musayambe kukwiya, ndimalize kaye.

Mawu anu akuti "tili bwinobwino" aja ndi omwe akundiopsa ine. Kachilombo ka korona kameneka munthu amayamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti amve kudwala. Ena, makamaka ana, sadwala n'komwe, koma ali nako. Ndiye kuchokera tsiku lomwe wakatenga, zizindikiro zimatha kuoneka patapita masiku 5, nthawi zina mpaka 14. Mukadzuka Loweruka muli gwa, zimenezo sizikundiuza kanthu za momwe mudzadzukire Lolemba. Inutu mumapita kuntchito tsiku ndi tsiku, mumapuma mpweya umodzi ndi anthu oti simukudziwa komwe agona.

Thupi langali mukulidziwa. Shuga, BP, pamwamba pake zaka 63. Kwa inu chikhoza kukhala chimfine cha sabata imodzi basi. Ine thupi likangotentha shuga amakwera, shuga akakwera thupi limafooka polimbana ndi matenda, ndiye zimangosinthana choncho. Ngakhale mankhwala aja amapatsa anthu amene akuvutika kupuma, dexamethasone, nawonso amakweza shuga. Mukuona pomwe ndaima? Katemera woyamba ndinabayitsa, inde, koma wachiwiri sindinafike, ndipo ngakhale ndibayitse pamafunika masabata awiri kuti agwire bwino m'thupi.

Komatu musaganize kuti ndikukondwa muno. Chilengezereni a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse lija, mu Marichi 2020 kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse, ming'alu ya pakhoma la chipinda chino ndaiwerenga yonse, ndikuidziwa ngati ana anga. Dzulo ndinangozindikira ndikukangana ndi wailesi, ine ndekha, mpaka kuiloza chala. Usiku ndi umene umavuta. Ukangomva kukhosi kukuyabwa pang'ono, tulo tonse balala, umayamba kuwerenga amene wakumana nawo sabata yonse. Ndiye mukabwera Loweruka n'kulowa, ine ndikhala masiku 14 ndikumvetsera kukhosi kwanga. Zimenezo ndi zomwe sindikufuna, achimwene. Si kuti ndakutayani.

M'mawa uliwonse ndimabaya chala kuyeza shuga, kenako ndimapanitsa chala china ndi kamakina koyeza mpweya m'magazi kaja. Lero kanaonetsa 97. Tsiku lomwe kadzaonetse 92 kapena kutsika apo, kapena ndikadzayamba kubanika, sindidzadikira kuti kuche, ndipo woyamba kumuimbira ndi inu, foni yanu isamazime usiku. Mankhwala ndinatengeratu a miyezi itatu kuti ndisamakaime pamzere kawirikawiri, ndipo sindidumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

Tsopano tamverani. Kubwera bwerani, koma tikhale panja. Ine pakhonde, inu pabwalo apo, pakati pathu mamita awiri. Panja mphepo imamwaza kachilomboka, pomwe m'chipinda chotseka mawindo kamangoyandama mumpweya nthawi yaitali. Masiki muvale nonse, atseke kamwa ndi mphuno, osati pachibwano monga mumachitira inu muja, ndinakuonani pachithunzi chija. Wina akadzuka ndi chifuwa, mutu, kapena wasiya kumva fungo, musabwere, musachite kundifunsanso.

Amene akundidetsa nkhawa ndi wamng'ono uja. Ameneyo akangondiona adzathamanga, "azakhali, azakhali!", n'kudzandikolekera m'khosi, ndipo ine mphamvu zomukankha sindidzakhala nazo, ndikudzidziwa. Mumuuziretu bwinobwino kuyambira lero, osati pageti. Mukaona kuti simumukwanitsa, bola tiimbirane pavidiyo, andionetse dzino lija akuti lagweluka.

Eya, ndisanaiwale, mabatire a kamakina kaja akutha, ang'onoang'ono aja, awiri. Mundigulire, mudzangowasiya pawindo. Moni kwa alamu. Foni ikutha moto iyi.