Musadikire dzinja, kajambuleni pakhomo pa agogo mu Julaye

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti abale ake agwirizana kugwetsa nyumba ya agogo ku Lunzu kuti amangepo ya malata, ndipo iye akufuna kuijambula ndi penti isanagwe. Wafunsa ngati adikire mvula kuti pakhomo pabiriwire.

Mayi, musadikire. M'dzinja chimanga chimatalika n'kubisa zonse, mudzangojambula masamba ndi kansonga ka denga. Mu Juni ndi Julaye m'munda akolola, nkhokwe yadzaza, ndipo pakhomo pamaoneka mmene palili: khonde lozira, khola la mbuzi, mtondo, mafuwa akuda ndi utsi, kanjira kamene mapazi a banja lanu adakumba popita kumjigo. Kanjirako musakasiye. Amisiri akabwera ndi njerwa ndi mchenga, n'koyamba kufafanizika.

Miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma la kumpoto ndilo limawala, mithunzi n'kugwera kummwera. Sankhani pokhala, ndipo muzibwera nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka mmawa utsi wa kukhitchini ukadali m'mwamba mwa udzu. Mukasinthasintha nthawi, mithunzi idzasemphana pachithunzi.

Chovuta ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa ija imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ikafika imatha masiku angapo, phiri la Ndirande n'kusowa. Penti wosungunula ndi madzi amachedwa kuuma ndipo pepala limafufuma. Tsiku lotero gwirani pensulo kapena makala, mukhale pakhonde. Penti wa acrylic amauma msanga, ndiye amene ndingakulangizeni ngati mukungoyamba kumene. Mtundu wa katondo ndi wovuta kuupeza m'botolo. Tapani dothi la pakhomopo m'kathumba kuti muzifanizira posakaniza.

Jambulaninso ndi foni mbali zonse zinayi, koma foni siidziwa zomwe zidachoka kale. Pa izi pitani kwa akuluakulu madzulo akuotha moto. Afunseni pomwe padali mtengo wa mango udadulidwa uja, pomwe agogo aamuna ankakhala posema mipini. Mukafuna, bwezeretsani mtengowo pachithunzi. Ine ndimati chithunzi cha banja chili ndi ufulu umenewo.

Mukamaliza, lembani kumbuyo mudzi, mfumu, chaka ndi mayina a amene adagonamo. Pemphaninso abale kuti asasasule denga musanathe.