Tifunseni za Usodzi: Tautog Ikundithera Nyambo, Miyala Ikundithera Mbedza

FUNSO

Akonzi olemekezeka, ine ndimakhala ku Providence, m'chigawo cha Rhode Island ku United States, ndipo chaka chino ndayamba kuwedza nsomba yotchedwa tautog, imene anzanga a ku New York amaitchula kuti blackfish. Mwezi wonse wa Okutobala ndakhala ndikupita Loweruka lililonse ku makoma a miyala otchinga mafunde ku Point Judith, ndipo nthawi zina ndimakwera boti la mnzanga mu Narragansett Bay. Ndimamva nsomba ikujompha nyambo, koma ndikakoka ndimapeza mbedza yokhayokha, ndipo tsiku limene ndaikola imathawira m'miyala n'kudula chingwe. Kodi ndikulakwitsa pati?

Wowerenga wa ku Providence

YANKHO

Bambo, zimene mwalongosolazi zimagwera pafupifupi aliyense amene akuyamba kuwedza tautog, ndipo gwero lake ndi limodzi, kuti nsombayi imakhala m'kati mwenimweni mwa miyala. Imapezeka m'mbali mwa nyanja ya Atlantic kuyambira ku Nova Scotia mpaka ku South Carolina, koma imachuluka kwambiri pakati pa Cape Cod ndi Chesapeake Bay, ndipo kulikonseko imasankha matanthwe, zombo zomira, mizati ya milatho ndi makoma ngati a ku Point Judith. Dzina lakelo linachokera m'chilankhulo cha anthu a mtundu wa Narragansett, eni nthaka a dera limene mukukhalalo. Masana imatuluka pang'ono m'phanga mwake kukadya nkhanu ndi tinyama ta zigoba tomamatira pa miyala, ndipo usiku imagona m'ming'alu, choncho musadzivutitse kuiwedza kutada.

Tiyambe ndi kadyedwe kake, chifukwa n'komwe kukukutherani nyambo. Tautog ili ndi milomo yokhuthala ndi mano amphamvu akutsogolo amene imatsomphola nawo chakudya pa mwala, koma kukhosi kwake kuli mano ena ophwanyira zigoba. Kujompha kumene mumamva koyambako ndi nthawi imene ikugwira nkhanu ndi mano akutsogolo, mbedza isanalowe m'kamwa, ndipo mukakoka pamenepo mumangoilanda chakudya chili pamlomo. Dikirani mpaka kugogoda kwa pang'onopang'onoko kusanduke kukoka kolemera, kapena mpaka muone nsonga ya ndodo ikuwerama osabwereranso. Kudikirako n'kovuta, pakuti dzanja limafuna kuthamanga lokha, komanso mukachedwetsa nsombayo imatafuna nkhanu n'kulavula mbedza. Palibe amene angakuwerengereni masekondi ake. Dzanja limaphunzira nkhanu zambiri zitatayika. Dziwaninso kuti kujompha kwina kofulumira ndi kopepuka sikwa tautog ayi, ndi kwa kansomba kachibale chake kotchedwa cunner kapena bergall, kamene kamakhala m'miyala yomweyo ndipo kamatha nyambo mosachedwa.

Nyambo yodalirika m'miyezi imeneyi ndi nkhanu. Asodzi ambiri a kumeneko amagwiritsa ntchito nkhanu yobiriwira, green crab, imene inachokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, ndi ina yaing'ono yotchedwa Asian shore crab, imene inaoneka koyamba ku New Jersey mu 1988 ndipo tsopano yadzaza pansi pa miyala ya m'mphepete mwa nyanja. Yaing'onoyo muikoloweke yathunthu. Yobiriwirayo muidule pakati ndi sizasi, muchotse manja ake opanira ndi miyendo, kenako mulowetse mbedza pa bowo la mwendo umodzi n'kuitulutsira pa bowo lina, nsonga yake ionekere. Ena amachotsanso chigoba chapamwamba kuti fungo lifalikire m'madzi, zomwe zimathandiza nsomba zikamadya monyinyirika, ngakhale kuti pamalo pamene cunner wachuluka ine ndingakulangizeni kuchisiya, nyambo ikhalitse.

Nkhani yodula chingwe ndiyo yofunika kuimvetsa bwino koposa. Tautog ikangomva mbedza imatembenuka kulunjika kuphanga kwake, ndipo phangalo lili pafupi kwambiri, mwina mita imodzi yokha kuchokera pamene inadyera. Nkhondo yonse imathera m'kamphindi koyambako. Mukaikola, kwezani ndodo mmwamba mwamphamvu, muigwire chomwecho osaitsitsa, ndipo yambani kupukusa chingwe nthawi yomweyo kuti mutu wa nsomba uloze kumwamba. Buleki ya mashini opukusira chingwe imangidwe molimba, chifukwa chingwe chilichonse chimene mungailole kutenga chimathera m'mwala. Ikafika mamita awiri kapena atatu pamwamba pa miyala, mukhoza kupuma n'kuikoka modekha. Ikakulakani n'kulowa m'ming'alu, musalimbane nayo mokoka. Masulani chingwe pang'ono, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, pakuti nthawi zina imatuluka yokha ikaona ngati zatha.

Zida zanu zigwirizane ndi ntchito imeneyi. Ndodo ikhale ya msana wolimba koma ya nsonga yomva msanga, chingwe chachikulu chikhale cholukidwa, chotchedwa braid, chopirira kulemera kwa mapaundi 30 mpaka 50, popeza sichitamuka, ndipo kumapeto kwake mulumikize chingwe chosalukidwa cha pulasitiki, chotchedwa fluorocarbon kapena monofilament, cha mapaundi 40 mpaka 60, chotalika mita imodzi kapena kupitirira, chifukwa braid imaduka msanga ikakhuzika pa mwala wa zigoba. Mbedza imodzi ndi yokwanira, popeza yachiwiri imangoonjezera mwayi wokola mwala. Mtovu wolemetsa muumangirire ndi chingwe chofookerapo, kuti ukapanikizika pakati pa miyala uduke wokha, mbedza ndi nsomba zipulumuke. M'madzi osaya ndi osathamanga, asodzi ambiri masiku ano amakonda jig, mtovu wokhala ndi mbedza yake womwe umakhazikika pansi nsonga italoza kumwamba, ndipo ndi umenewo kujompha kumamveka bwino kwambiri m'dzanja.

Mulimonsemo, nyambo ikafika pansi isayendeyende. Kuponya kutali n'kumakoka pang'onopang'ono, monga muchitira ndi nsomba zina, ndiko kumene kukukutayitsani mbedza. Pa khoma la miyala nsomba zambiri zili pansi pa mapazi anu, m'mabowo a pakati pa matanthwe, choncho tsitsani nyambo molunjika. M'boti, mnzanuyo aphunzire kuika nangula mwaluso kuti boti liime pamwamba penipeni pa mwala, chifukwa kuphonya ndi mamita atatu okha kukhoza kukusiyani pamchenga popanda kanthu pamene boti loyandikana nalo likukola. Pakapita mphindi khumi ndi zisanu osamva chilichonse, tambasulani kapena fupikitsani chingwe cha nangula musunthe pang'ono.

Ndikupempheni chinthu chimodzi chokhudza moyo wanu. Miyala ya m'makoma amenewo imakhala ndi ndere zoterera kwambiri, ndipo madzi a mu Novembala ndi ozizira moti munthu akagweramo mphamvu zimamuthera msanga. Valani nsapato za misomali kupansi, musafulatire mafunde, ndipo musapite nokha.

FUNSO

Akonzi, mwamuna wanga amawedza tautog mu Long Island Sound, ndipo posachedwapa anabwezera m'madzi nsomba yaikulu kwambiri imene anakola, n'kubwera kunyumba ndi zazing'onopo. Akuti asodzi anzake amatero. Kodi pali chifukwa chomveka? Nanga nyengo yake imatha liti?

Wowerenga wa ku Connecticut

YANKHO

Mayi, amuna anuwo anachita bwino, ndipo ndikuwayamikira ndi mtima wonse. Tautog imakula pang'onopang'ono, imayamba kuswana ikafika zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ikhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 30. Yaikulu koposa imene inalembedwa m'kaundula wa dziko lonse lapansi inakoledwa kufupi ndi Ocean City ku Maryland mu Januwale 2015, ndipo inalemera mapaundi 28 ndi maaunsi 13, omwe ndi makilogalamu 13. Nsomba yaikazi yaikulu imaikira mazira ochuluka kwambiri kuposa yaing'ono, komanso popeza tautog imabwerera ku miyala yomweyomweyo chaka ndi chaka, asodzi ochepa okha akhoza kutha zikuluzikulu zonse za pamwala umodzi, ndipo pamatenga zaka zambiri kuti zina zikule kufika pamenepo. Kuzisiyanitsa sikovuta kwenikweni: yaimuna yokhwima imakhala yakuda kapena yotuwa, ya chibwano choyera ndi chipumi chotukuka, pamene yaikazi imakhala yofiirira, ya mawangamawanga.

Malamulo nawo amatsatira mfundo yomweyi. Bungwe la Atlantic States Marine Fisheries Commission ndilo limagwirizanitsa zigawo pa kasamalidwe ka nsombayi, koma chigawo chilichonse chimaika masiku ake ndi chiwerengero chake. Ku Connecticut, New York, Rhode Island ndi Massachusetts nsomba yosafika mainchesi 16, pafupifupi masentimita 41, iyenera kubwezedwa, ndipo ku Rhode Island msodzi amaloledwa kusunga imodzi yokha yopitirira mainchesi 21. Popeza Long Island Sound ili pakati pa Connecticut ndi New York, bambowo aziona malamulo a mbali zonse ziwiri chaka chilichonse asananyamuke, chifukwa amasinthidwa kawirikawiri.

Za kutha kwa nyengo, chimene chimalamulira nsombayo ndi kuzizira kwa madzi. Imadya mwamphamvu m'madzi osaya madigiri akakhala pakati pa 10 ndi 15 pa sikelo ya Celsius, zomwe kumeneko zimachitika mu Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala, ndipo akatsika kupitirira 10 zikuluzikulu zimasamukira ku miyala ya m'madzi akuya, kumene zimakhala mwaulesi nyengo yonse yozizira. Amene amazitsatira kwakuyako adziwe kuti nsomba yokokedwa mofulumira kuchokera pansi patali imatupa ndi mpweya wa m'thupi mwake, moti ikhoza kulephera kumira ikabwezedwa. Aikweze modekha ikangochoka pa miyala, aigwire ndi manja onyowa, ndipo aibwezere m'madzi mwamsanga, mutu utaloza pansi.