Ana anga akuti kalembera yekha ndiye amanena zoona: ndiwayankhe bwanji?

Mphunzitsi wina wa masamu ku sekondale wandilembera imelo. Akuti ophunzira ake amaloweza bwinobwino kuti kalembera ndi kuwerenga aliyense, pomwe kafukufuku wa sampulo ndi kufunsa ochepa m'malo mwa onse. Koma akawafunsa kuti chodalirika n'chiti, kalasi yonse imayankha kuti kalembera, ati chifukwa anthu ochepa sangayankhulire mtundu wonse. Akufuna kudziwa mmene angawafikitsire pomvetsa, osati kungoloweza.

Aphunzitsi, poyamba musawatsutse msanga anawo. Kukayika kwawoko n'kwanzeru, ndipo akatswiri enieni anayamba akayikapo chimodzimodzi. Mu 1895, Anders Kiaer wa ku Norway anauza msonkhano wa International Statistical Institute, bungwe la akatswiri a ziwerengero, ku Bern m'dziko la Switzerland kuti gulu losankhidwa bwino likhoza kuimira dziko lonse, ndipo anzake ambiri anamukanira. Panapita zaka pafupifupi 40 kuti Jerzy Neyman, mu 1934, asonyeze ndi masamu chifukwa chake kusankha mwamaere kuli kodalirika kuposa kusankha ndi nzeru za munthu. Ndiye musadabwe kuti mwana wazaka 15 sakukhutira ndi tanthauzo lolembedwa pa bolodi. Afunika aone yekha ndi maso.

Chitani chonchi. Tengani ndime ya mawu pafupifupi 200, mawu aliwonse muwapatse nambala, ndipo mwana aliyense akhale ndi pepala lake. Muwauze kuti mukufuna kudziwa avereji ya zilembo pa liwu limodzi m'ndimeyo, koma palibe nthawi yowerenga onse. Aliyense asankhe mawu 10 amene akuona kuti akuimira ndime yonse, awerenge zilembo, apeze avereji, abwere adzaike kadontho pa mzere wa manambala umene mwajambula pa bolodi. Kenako abwerezenso, koma ulendo uno nambala azitola m'katoni, m'mapepala opindapinda osakanizidwa bwino, madontho ake apite pa mzere wachiwiri pansi pa woyambawo. Pomaliza gawanani ndime yonse, muwerenge liwu lililonse. Ameneyo ndiye kalembera wanu. Jambulani yankho lake ngati mzere woimirira wodutsa mizere iwiri ija.

Kawirikawiri madontho a mzere woyamba amaunjikana kudzanja lamanja, pamwamba pa yankho lenileni. Diso limakopeka ndi mawu ataliatali n'kudumpha timawu ngati "ndi", "pa", "ku" ndi "wa", chonsecho timawu timeneti ndi tambirimbiri m'ndime iliyonse. Madontho a maere amamwazikana ndithu, ena kumanzere ena kumanja, koma amazungulira yankho loona. Apa musafulumire kufotokoza. Afunseni kuti ndani ananama mwadala pa ulendo woyamba. Palibe. Aliyense anayesetsa kusankha mwachilungamo, komabe pafupifupi onse anapendekera mbali imodzi. Kwa ine phunziro lonse lagona pamenepa: pali kuphonya kobwera chifukwa cha mwayi, kumene kumachepa sampulo ikamakula, ndiye pali kupendekeka kobwera chifukwa cha kasankhidwe, kumene sikutha ngakhale mutafunsa anthu mamiliyoni.

Wina adzati vuto n'loti mawu 10 ndi ochepa. Mufotokozereni za chisankho cha pulezidenti ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza mapepala pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse. Tsiku litafika, Franklin Roosevelt anapeza pafupifupi 61 pa 100 aliwonse, ndipo Landon anangopambana m'zigawo ziwiri, Maine ndi Vermont basi. Mayina ambiri magaziniyo inawatenga m'mabuku a matelefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma pamene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi. Chinanso, amene anavutikira kubweza pepala sanali ofanana maganizo ndi amene analitaya. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, ndi sampulo yochepa kwambiri poyerekeza, ananeneratu kuti apambana ndi Roosevelt.

Zikatero mutha kuwapatsa manambala pang'ono. Sampulo ya maere ya anthu 100 imatha kuphonya ndi mapointi pafupifupi 10 pa 100 mbali iliyonse, ya anthu 1,000 ndi mapointi pafupifupi 3. Kuti kuphonyako kutsike ndi theka, sampulo iyenera kukula kanayi. Chimene chimadabwitsa ana, ndi akulu omwe, n'choti kukula kwa dziko sikusintha kwenikweni manambalawa: anthu 1,000 osankhidwa mwamaere amagwira ntchito mofanana m'dziko la anthu 5 miliyoni ndi la anthu 300 miliyoni. Dokotala amatenga magazi ofanana kwa munthu wamfupi ndi wamtali, chifukwa magaziwo ndi osakanikirana bwino m'thupi. Maere ndiwo amagwira ntchito yosakanizayo pa anthu.

Koma chonde musawasiye akuganiza kuti kalembera ndi kungotaya ndalama. Sampulo ya dziko lonse singakuuzeni kuti m'dera laling'ono lakutilakuti muli ana angati oyenera kuyamba sukulu. Pogawa madera a aphungu, pomanga zipatala, pamafunika chiwerengero cha malo aliwonse, n'chifukwa chake bungwe la United Nations limalimbikitsa mayiko kuchita kalembera kamodzi pa zaka 10 zilizonse, ndipo dziko la America lakhala likutero kuyambira 1790. Ndiponso maere amafuna mndandanda wotolapo, ndipo mapu ndi madera a kalembera ndiwo amagwiritsidwa ntchito posankha nyumba za kafukufuku wa sampulo m'zaka zotsatira.

Kalembera naye amaphonya. Osowa pokhala, oyendayenda ndi makanda amadumphidwa, ena amawerengedwa kawiri. Ndiye mayiko ambiri akamaliza kalembera amasankha madera ochepa mwamaere, n'kutumizako owerenga odziwa bwino ntchito kuti akaone kuti anatsala ndi angati. Ana anu akamva kuti kalembera amayesedwa ndi sampulo, yankho lawo lija lidzasintha lokha.

Pa mayeso, m'malo mowafunsa matanthauzo, apatseni nkhani zingapo asankhe njira n'kupereka chifukwa: fakitale ikufuna kudziwa kuti mababu ake amayaka maola angati asanapse, mphunzitsi wamkulu akufuna kudziwa ana amene sanalandire buku, wailesi yafunsa omvera kuti atumize uthenga wa pafoni wonena maganizo awo, ndipo ayankha anthu 20,000. Pa funso lomalizali yang'anitsitsani ngati mwana wafunsa kuti amene sanatumize uthengawo ndi ndani.