Tifunseni: Pepala langa labwezedwa chifukwa cha APA

FUNSO: Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Lizulu, ndipo ndikuchita digiri ya maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la anthu ndili pantchito pomwepa. Kafukufuku wanga ndi wa nkhawa imene ana a Fomu 4 amakhala nayo mayeso a MSCE akayandikira. Ondiyang'anira akuti zimene ndapeza zili bwino, koma pepala andibwezera atalembapo kuti nditsatire APA 7. Chinanso, pa laputopu yanga limaoneka bwinobwino, koma ndikakasindikiza pa Ntcheu boma mitu imathawira tsamba lina. Ndiyambire pati? Mphunzitsi, Lizulu.

YANKHO: Aphunzitsi, pepala lanu sindinalione, koma ndikhoza kulumbira kuti mwalikonza ndi zala: Enter kasanu kuti mutu upite tsamba latsopano, space kakhumi kuti ndime ilowe mkati. Zimenezo zimagwira pa makina anu okha. Kompyuta ya kushopu ikakhala yopanda mtundu wa zilembo umene mwasankha, kapena ikakhala pa pepala la Letter pomwe ife kuno timagula A4, zonse zimagumuka ngati khoma lomanga popanda chingwe. Tsamba latsopano muziyamba ndi Ctrl ndi Enter pamodzi, ndipo popita kosindikiza muzitenga PDF pa fulashi, osati fayilo ya Word.

Tsopano APA. Ndi malamulo a kalembedwe a bungwe la American Psychological Association. Anayamba mu 1929 ngati nkhani ya masamba ochepa mu Psychological Bulletin, ndipo buku lake lachisanu ndi chiwiri, lomwe ndi APA 7 imene akuuzaniyo, linatuluka mu 2019. Chaka chimenechi chisungeni, chifukwa mafayilo ambiri amene ophunzira amapatsirana pa WhatsApp ndi a buku lachisanu ndi chimodzi. Mukaona mawu akuti "Running head:" patsamba loyamba, kapena mzinda ngati London utalembedwa pafupi ndi dzina la osindikiza buku, dziwani kuti mwatengera zakale. Pepala la wophunzira silifunanso mutu waufupi pamwamba pa tsamba lililonse pokhapokha okuyang'anirani ataufuna. Nambala ya tsamba yokha ndiyo ikhale pamwamba kumanja.

Zoyamba n'zosavuta, muzikonza kamodzi basi. M'mphepete monse siyani masentimita 2.54. Zilembo zikhale Times New Roman 12, kapena Calibri 11, kapena Arial 11, mtundu umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sankhani pepala lonse, dinani Ctrl ndi 2 kuti mizere italikirane kawiri, ndipo chotsani kampata kamene Word amawonjezera ndime ikatha. Mzere woyamba wa ndime ulowe mkati masentimita 1.27. Mawu afanane kumanzere kokha. Kumanja asiyeni akhale mmene agwera, ngakhale ambiri timaona ngati pepala lofanana mbali zonse ndilo laulemu. Mitu ikuluikulu ikhale pakati ndi zilembo za bold, timitu ta pansi pake kumanzere, ta bold tomwe.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mndandanda wa mabuku kumapeto. Uyambe patsamba lakelake, mayina a makolo a olemba atsatane motsatira alifabeti, ndipo mzere woyamba wa buku lililonse uyambire m'mphepete pomwe yotsatira ikulowa mkati. Musavutike ndi space: sankhani mndandanda wonse, dinani Ctrl ndi T. Mkati mwa nkhani, olemba akakhala atatu kapena kuposa, lembani woyamba yekha, kenako "et al." (kutanthauza "ndi ena") ndi chaka, kuyambira ulendo woyamba womwe. Koma kumapetoko mayina onse alembedwe mpaka 20. Ndiye tengani pensulo, muwerenge pepala lonse: dzina lililonse limene mwatchula m'nkhani lipezeke pa mndandanda, ndipo la pa mndandanda lipezeke m'nkhani. Ntchito yotopetsa imeneyi, koma oyesa amayambira pamenepo. Pulogalamu ya Zotero, yosanja mndandanda wa mabuku, ndi yaulere ndipo imathandiza, komabe zimene yatulutsa muziziwerenga, chifukwa mukailowetsera dzina lopotoka imalitulutsa lopotoka lomwelo.

Popeza nkhawa ya anawo mwaiyeza ndi manambala, samalani izi. Zilembo zoimira zotsatira za masamu a kafukufuku monga M, SD, N, t ndi p zikhale zopendeka. Kwa p simuyamba ndi ziro chifukwa sangapose 1: lembani p = .03, osati 0.03. Pulogalamu yowerengera manambala ya SPSS ikakupatsani .000 musakopere choncho, lembani p < .001. Ndipo chonde musamate matebulo a SPSS mmene alili, ndi mabokosi ake onse aja. Tebulo la APA lilibe mizere yoimirira. Nambala yake imakhala pamwamba mwa bold, mutu wake pansi pa nambalayo mopendeka.

Ngati munacheza ndi anawo n'kulemba mawu awo, mawuwo salowa pa mndandanda wa mabuku, chifukwa ndi zimene mwapeza inuyo. Mawu amene mwagwirawo akakwana 40 kapena kuposa, aikeni pa ndime yawoyawo yolowa mkati, popanda zizindikiro zogwira mawu. Anawo apatseni mayina ongopeka, ndipo sukulu musaitchule. Ku Lizulu anthu amadziwana, ndipo mwana amene anakuuzani kuti sagona usiku poopa masamu sanakuuzeni kuti amalume ake akawerenge.

Musanasinthe chilichonse, funsani ku dipatimenti yanu ngati ali ndi kabuku kawo ka kalembedwe. Ena amafuna mpata waukulu kumanzere kuti pepala likamangidwa mawu asabisike, ena amafuna tsamba loyamba likhale ndi chizindikiro cha sukulu. Pamene iwo asiyana ndi APA, tsatirani iwo, chifukwa ndi amene adzachonge pepalalo.